Ndinasaina Ndekha Kuti Lifiti Ili Bwino

Ndinayendetsa basi ya ana a sukulu ku Edmonton kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinatulukamo ndi msana umene sundilola kuvala ndekha masokosi. Kutchalitchi kwathu anthu amati ndi ukalamba. Ndikamva mawu amenewo ndimangoluma mano, chifukwa alipo okalamba kuposa ine amene akuthamangirabe sitima pa siteshoni. Ine msana ndinauthyola pantchito, ndipo chipukuta misozi chimene ndikanalandira kuti ndiuchiritse ndinachitaya ndekha, ndi cholembera changa, m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri.

Basi yanga sinali yofiira yosanjikiza ija imene anthu akwathu amakonda kujambulitsa nayo. Inali minibasi yoyera ya kampani ina yonyamula ana olumala kupita nawo kusukulu yawo yapadera. Ndinkatenga ana asanu ndi awiri, ndipo atatu mwa iwo anali a pa njinga za olumala. Kumbuyo kwa basiyo kunali chitsulo chokwezera njingazo, chimene tonse tinkachitcha lifiti. Umadina batani, chitsulocho chimatsika mpaka pamsewu, umakankhira njinga pamenepo, umadinanso, mwana amakwera n'kulowa. Lifiti ikakhala yabwino ntchito yake ndi ya chala chimodzi.

Lamulo la pantchito linali lakuti m'mawa, usanatulutse basi pageti, uizungulire uli ndi fomu m'manja. Uone matayala, magetsi, mabuleki, malamba a ana, ndi lifiti. Chili bwino uchonge, kenaka usaine pansi. Ukalemba kuti china chawonongeka, basiyo situluka mpaka itakonzedwa, ndipo fomuyo imapita patebulo la bwana.

Amene ankakonza magalimoto athu anali mkulu wina wa ku Zambia, wobadwira cha ku Chipata koma wokulira ku Lusaka. Munthuyu sanali mnzanga wa pantchito chabe. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Ndiye anandipeza ndikukolopa maofesi n'kundiuza kuti kwawo akufuna madalaivala, ndipo ndiye anakandilankhulira kwa bwana. Mkazi wanga atagonekedwa m'chipatala, akazi awo ndi amene ankatiphikira. Ine ndinkawaitana kuti achimwene, iwo ankati mudala. Kuno kunja munthu wotere ndi m'bale, palibenso mawu ena.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinadina batani poyesa lifiti, ndipo inakwera n'kuima patatsala pang'ono kufika, mwina chikhatho chimodzi ndi theka. Ndinaitsitsa, ndinadinanso, inaimanso pomwepo. Ndinatenga fomu kuti ndilembe. Ndisanagunditse cholembera papepala achimwene aja anatulukira, manja ali mafuta okhaokha.

"Mudala, osalemba," anatero chapansipansi. "Mukalemba, ba boss bazakamba ati sinigwira nchito. Banipasa kale warning imodzi. Nizakonza pa weekend, chabe mungonipasa mpata."

Mwana wobadwira kuno sangamve chimene chinandigwira dzanja. Kwathu kulemba munthu m'buku ndi kumusumira. Nkhani ya pachibale imathera pakamwa: umamuitanira pambali, umamuuza, iye amapepesa, mwathana. Kukaika dzina la m'bale wako papepala lopita kwa bwana ndi khalidwe la munthu wopanda kwawo. Komanso ndinkaganiza za amayi a ana aja, ataima pakhomo ndi mwana wovekedwa kale majekete, akuyang'ana wotchi kuti nawo akafike kuntchito. Ndipo ndisadziyeretse kwambiri, ndinkaopanso. Munthu wobwera amaphunzira msanga kuti wodandauladandaula sakhalitsa. Ndinachonga kuti lifiti ili bwino, ndinasaina, ndinatulutsa basi.

Chikhatho ndi theka si mtunda wautali. Ndinkangogwira njinga kumbuyo, kuipendeketsa, n'kuinyamula kuti matayala akwere. Ana atatu, m'mawa kukweza ndi kutsitsa, masana kukweza ndi kutsitsa. Kumapeto kwa sabata ija achimwene anaigwiragwiradi, inayenda bwino masiku atatu, Lachinayi inayambiranso. Ndikawauza ankati chitsulo chake aitanitsa. Mwezi wina ankati chafika koma si chake. Kenaka ine ndinasiya kufunsa, iwo anasiya kupepesa, zinangokhala ngati ndi mmene basiyo inapangidwira. Tikakumana Lamulungu tinkagwirana chanza n'kufunsana za kunyumba.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti ana amakula. Kamtsikana kena kamene ndinayamba kukanyamula kali kopepuka ngati mtolo wa zovala kanasanduka namwali, ndipo makolo ake anamupezera njinga yamagetsi, yolemera pafupifupi ngati munthu wamkulu payokha. Ankandikonda mwana ameneyo. Sankatha kulankhula bwino, koma akandiona ankamenya dzanja pampando n'kuseka. Ine ndinkamusekanso, kwinaku ndikukoka mpweya kuti ndinyamule.

Zinachitika m'mawa wina kukugwa mvula yowaza ija ya kuno imene sidziwa kusiya. Ndinali pakhomo pa mtsikanayo, m'kamsewu kopanikiza kamene magalimoto amaima mbali zonse. Kumbuyo kwanga munthu wina ankaliza hutala ngati ndamutsekera njira yopita kumwamba. Ndinafulumira. Phazi linaterereka pachitsulo chonyowa njinga ili m'manja, ndipo sindikanaisiya, munali mwana wa eni ake. Ndinaigwira ndi msana. Ndinamva kuti thyo, ngati phesi louma, ndipo moto unatsika mwendo wakumanja mpaka kuchala. Ndinamumangirira malamba mwanayo, ndinakwera kutsogolo, ndinamaliza ulendo wonse.

Nditabwerera kuyadi ndinatsika m'basi chogwira chitseko. Bwana wathu, mzimayi wachizungu wosaipa mtima, anandiona n'kufunsa ngati ndili bwino. Buku lolembamo ngozi linali pomwepo, pashelefu pafupi ndi ketulo, ndinkaliona tsiku lililonse pothira tiyi. Achimwene anali ataima pakhomo la garaja akundiyang'ana. Kulemba kuti ndavulala kukanafuna kuti ndilembe chifukwa chake, ndipo chifukwa chake chinali lifiti imene ndinasaina m'mawa womwewo kuti ili bwino. Ndinauza bwana kuti ndangogona molakwika.

Kwa dokotala ndinanamanso. Anandifunsa ngati zayambira kuntchito, ine ndinati ayi, zangoyamba zokha. Ndinkaopa kuti akalemba zoti dalaivala wa ana mwendo ukumuchita dzanzi andilanda chiphaso. Kampani inali ndi ndondomeko yake ya zaumoyo, wogwira ntchito akavulala ankamulipirira mafizo kuchipatala cholipira popanda kudikira. Sindinaigwiritse ntchito ngakhale kamodzi, popeza nawonso fomu yawo inkafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndinkangogula mankhwala opaka ndi mapilitsi, ndipo mkazi wanga ankandithowa ndi thaulo lotentha uku akung'ung'udza.

Ndinapirira chaka china ndi miyezi, ndikunyamulabe. Kenaka tsiku lina mwendo unachedwa kuchoka popondera moto kupita pa buleki. Sipanachitike kanthu, koma ndinadziwa kuti sindingayendetsenso ana a anthu. Ndinalemba kalata yopuma pantchito, ndipo m'kalatamo ndinathokoza kampani chifukwa chondisunga bwino. Anandigulira keke, bwana analankhula mawu okoma, anati pa zaka zonsezo sindinadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinamwetulira ngati wapambana mpikisano, chitsiru ine.

Patapita milungu iwiri ndinaimba foni ku ndondomeko ya zaumoyo ija, poganiza kuti tsopano sindikuopanso aliyense. Mtsikana wa mawu okoma anandiuza kuti dzina langa linachotsedwa tsiku limene ndinasiya ntchito. Thandizolo ndi la amene akugwira ntchito. Ndinamufunsa kuti nanga munthu amadwala kwambiri liti, akugwira ntchito kapena atatha mphamvu? Anati akumvetsa mmene ndikumvera. Anthu a kuno amamvetsa kwambiri mmene ukumvera, kenaka amadula foni.

Kuchipatala cha boma anandiyeza bwino, sindinganame. Anandilowetsa m'makina, anandionetsa chithunzi cha msana wanga, pamene fupa likupanikiza mtsempha wopita kumwendo. Anati pakufunika opaleshoni, koma si ya changu chopulumutsa moyo, ndiye ndilowe pamzere. Mzere wake suuona, umangolandira makalata. Dokotala anandiuzanso mosabisa kuti mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali, ngakhale atang'amba, mwendo subwerera wonse. Kuchipatala cholipira akanandichita mwezi womwewo, koma penshoni ya dalaivala wa minibasi sifika pakhomo la kumeneko.

Mwana wanga wamkazi, amene anaphunzira kuyunivesite ku Greenwich ndipo amagwira ntchito ya muofesi, ndiye anati sizingathere pamenepa. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingelezi. Anabwera Loweruka lina n'kuyala mapepala patebulo. Anandifotokozera kuti boma lili ndi thandizo la anthu ovulala pantchito, komanso kampani iliyonse imakhala ndi inshuwalansi yolipira wantchito amene wavulala chifukwa cha chipangizo chowonongeka. Chipukuta misozi chimenecho chikanakwanira opaleshoni. Kenaka anandifunsa funso limene njira zonsezo zinkafunsa.

"Adadi, munalemba mu accident book?"

Ndinati ayi.

"Nanga lifitiyo, munaipanga report?"

Ndinati ndinauza achimwene aja.

"Pakamwa?"

Ndinati eya, pakamwa, mwaulemu, monga anthu. Mwanayo anavula magalasi n'kutseka maso. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira.

Anandipezerabe loya ku Croydon, wa mtundu uja wolipidwa pokhapokha mlandu ukapambana. Ulendo wake unali chilango, sitima ziwiri ndi masitepe, ine ndi ndodo. Loyayo anali mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga, wodekha. Anandiuza kuti mlandu wovulala uli ndi malire a zaka zitatu, ndipo ine zinali zitatsala miyezi yowerengeka. Analembera kampani kuitanitsa mapepala onse a basi yanga a nthawi imene ndinkaiyendetsa.

Kampani inawatumiza msanga, mwaulemu, m'katoni. Nditapitanso ku Croydon ndinaipeza katoniyo ili patebulo. Loya anatulutsa fomu imodzi, kenaka ina, kenaka ina. Lifiti: yachongedwa. Lifiti: yachongedwa. Pansi pake siginecha yanga, yokongola ndithu, yamchira wautali uja ndinkanyadira nawo ndili kusekondale. Anatulutsanso ya tsiku lenilenilo limene ndinavulala. Panalinso kalata yanga yothokoza kampani, ndi zolemba za dokotala zonena kuti wodwalayu akuti ululu unangoyamba wokha.

"Siginechayi ndi yanu?" anafunsa.

Ndinati ndi yanga.

"Pali amene anakukakamizani kusaina?"

Ndimuuze bwanji mwana wa kuno kuti munthu akhoza kukukakamiza pongokuitana kuti mudala? Ndinati palibe.

Anandiuza mosazungulira kuti mboni yoopsa kwambiri ya kampani ndi ine ndemwe. Chotsala chinali kupeza munthu wina woti anene kuti lifitiyo inali yowonongeka ndipo kampani, kudzera mwa wantchito wake, inkadziwa. Amayi amene ankakhala ndi ana kumbuyo kwa basi ankachokera ku kampani ina yobwereketsa antchito, ankasinthidwa pafupipafupi, ndipo sindinasunge nambala ya aliyense. Makolo a ana ankangoona dalaivala wamphamvu wothandiza. Wodziwa zonse anali mmodzi.

Ndinawadikira achimwene Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, pamalo oimika magalimoto. Ndinayamba ndi kufunsa za ana, monga mwa mwambo, ndipo ndinafika pankhani titaima kale nthawi yaitali mwendo ukundiwotcha.

"Achimwene, ine ndinakusungani zaka ziwiri. Pano ndikupempha pepala limodzi lokha. Mungolemba zimene munaziona."

Anayang'ana makiyi a galimoto m'manja mwawo. "Mudala, imwe muziba situation yanga. Nasala na zaka zibili chabe kuti nipume. Bana bakali ku college. Nikalemba ivo, ninshi nazipaya neka."

"Nanga ine ndinadzipha chifukwa cha yani?"

"Nizaganizapo," anatero. "Tiyeni tiike mu mapemphero."

Anaganizapodi. Patapita milungu itatu loya anandiimbira kuti kampani yatumiza umboni wa makaniko wawo. Anandiwerengera pafoni. Unkanena kuti pa nthawi yonse imene ndinkayendetsa basiyo, sanalandirepo fomu iliyonse yonena kuti lifiti yawonongeka. Mawu amenewo ndinawatembenuza uku ndi uku masiku ambiri, kufuna kupezamo bodza, ndipo mulibe. Fomu sanalandiredi. Munthu wa Mulungu uja anapeza njira yondipha popanda kuchimwa.

Loya anandilembera kalata yaulemu yonena kuti sangapitirize. Tinayesa wina, anangomva nkhaniyo theka n'kukana. Thandizo la boma lija nalonso linafuna umboni wakuti ngozi inachitikira pantchito, ndipo umboni wokhawo unali mawu anga otsutsana ndi zolemba zanga. Zaka zitatu zinakwana ndili pampando wa pabalaza, ndikuyang'ana mabasi akudutsa pawindo. Ndinasiya kupita kutchalitchi. Ndinkati ndi masitepe, koma mkazi wanga ankadziwa.

Tsono kwathu munthu akasowa kutchalitchi amabwera kudzamuzonda. Anabwera azibambo anayi masana a Lamulungu lina, atanyamula zipatso ndi botolo la juwisi, ndipo wachinayi anali achimwene. Mkazi wanga atawaona pagalasi la chitseko anabwerera n'kundinong'oneza kuti, "Abambo, awa ndiye salowa muno." Ine ndinati mayi, mlendo sabwezedwa pakhomo, atsegulireni. Matenda anga a ulemu aja anali asanathe.

Anakhala, anaimba nyimbo imodzi, ndipo mkulu wa mpingo, amene sankadziwa kanthu, anapempha achimwene kuti atsogolere pemphero popeza ndi amene ankagwira nane ntchito. Anapemphera nthawi yaitali. Anapempha Ambuye kuti akhudze msana wa kapolo wawo, afewetse mitima ya madokotala, afupikitse mzere. Ine maso ndinali nditatsegula. Ndinkayang'ana nsapato zawo, zatsopano, ndipo mumtima mwanga munali zinthu zimene sindingazilembe.

Enawo atanyamuka iwo anatsalira, akuti njira yawo ndi ina. Anakhala m'mphepete mwa mpando chipewa chili pabondo. Ndinawafunsa chinthu chimene ndinali ndisanafunsepo.

"Lifiti ija munadzaikonza?"

Ndikuganiza kuti anali atatopa kuisenza nkhaniyo, kapena ankaona ngati akundisangalatsa, sindidziwa.

"Inakonzeka, mudala. Week yamene munachoka."

Anandifotokozera. Basi yanga anaipereka kwa mtsikana wina wobadwira konkuno. Tsiku lake loyamba anadina batani, lifiti inaima pamene inkaima paja. Sanafunse munthu. Analemba pafomu, anakaika makiyi patebulo la bwana, anakakhala pansi n'kuthira tiyi. Bwana anaimba foni, anabwereka basi kwina, ana anafika kusukulu mochedwa ndi ola limodzi. Masana kunabwera anthu odziwa za malifiti, anasintha kachitsulo kena, pofika nthawi yoweruka inali ikukwera mpaka pamwamba.

"Nanga inu anakuchotsani ntchito?"

"Iyayi," anatero. "Bananituma ku course ya masiku yabili."

Ndinawayang'ana. Ndiye kuti panali fomu, yolembedwa ndi munthu wina, sabata yomweyo imene ndinachoka, yonena kuti lifiti ya basi yanga inali yowonongeka. Loya sanaione chifukwa anaitanitsa mapepala a nthawi yanga yokha, ndipo ine sindinkadziwa kuti ilipo. Achimwene ankadziwa tsiku lija tinaima pamalo oimika magalimoto. Sakanafunika kulemba kanthu, akanangondiuza pakamwa, monga anthu. Tsopano malire a mlandu anali atadutsa ndi milungu isanu.

Anaimirira, anavala chipewa, anati apitiriza kundikumbukira m'mapemphero. Kwathu mlendo umamuperekeza mpaka kumsewu, ndipo ndinagwiradi ndodo kuti ndidzuke. Mwendo unakana. Ndinaitana mkazi wanga kuti awatsegulire chitseko.